Chaka Chimene Odell Crumpton Anapatsira Mpira

Odell Crumpton ndi mlamu wanga, ndinakwatira mlongo wake Lurlene. Koma iye ndinayamba kumudziwa ndisanamuone n'komwe Lurleneyo, chifukwa kuno ku Toledo aliyense amene anagwirapo mpira wa basiketibolo ankamudziwa Odell. Ambiri ankamudziwa msana wokha, akumuthamangira pambuyo manja ali m'mwamba.

Tinkasewera mu timu ya tchalitchi chathu, mu ligi ya mipingo imene imachitika nyengo yachisanu, Loweruka masana, m'holo ya sukulu ina kufupi ndi msewu wa Dorr. Sitinali anyamata ayi. Tinali azibambo apabanja, ena a ku fakitale ya magalasi, ena oyendetsa mabasi, mimba zitayamba kale kutitsogolera. Odell ankagawa makalata khomo ndi khomo, wapansi, choncho miyendo yolimba mu timu yonse inali yake yokha.

M'bwalo tinkamutchula kuti Dzenje. Dzinalo analipeka Purvis Gaines, mnzathu wa pakamwa kwambiri, amene ankagulitsa inshuwalansi mkati mwa sabata.

"Ukamupatsira mpira ameneyu, wauponya m'dzenje," ankatero Purvis. "Umangomva kuti phi! pansi. Basi, kauiwale, pita kunyumba ukadye."

Odell ndi wamfupi, wa miyendo yamatewe, munthu wofatsa woti pamaliro amatha kukhala tsiku lonse osamva mawu ake. Koma mpira ukangofika m'manja mwake, maso ankasintha. Ankaunjanjitsa kumanja, kumanzere, kutembenuka, anthu awiri atamukakamira ngati nkhupakupa, kenako n'kudumpha chagada, n'kuponya. Chopweteka kwambiri chinali choti nthawi zambiri unkalowa. Akanakhala wophonyaphonya, bwenzi a Dikoni Tillman, amene ankatiphunzitsa, atamukhazika pabenchi kalekale, nkhani n'kutha.

Ine sindinkadandaula nawo. Ndine wamtali, ndipo ntchito yanga inali kuima pansi pa mkombero wogoletseramo n'kumatola mipira yophonyedwa. Munthu woponya kosalekeza amaphonyanso kosalekeza, ndiye ine ndinkakolola bwino. Ku ligi yonse ndinkatchuka kuti ndili ndi manja ngati ukonde, ndipo mbiri imeneyo ndinaimanga pa zophonya za mlamu wanga.

Tsiku lina tikubwerera kunyumba pagalimoto yanga ndinamufunsa.

"Alamu, kodi anzanu aja mumawaona?"

"Ndimawaona bwinobwino," anayankha. "Ndimayang'ana amene angagoletse kuposa ena onse, n'kumusiyira ameneyo mpira. Kungoti ndikayang'ana ndimapeza kuti ndine."

Sankaseka ayi. Titadutsa maloboti awiri anapitiriza:

"Sabata yonse ndimayenda m'chisanu ndikupatsa anthu zinthu zawo. Chikwama chimachoka chodzaza, n'kubwerera chilibe kanthu. Loweruka lokha, chinthu chimodzi chokha, mundilole ndigwireko."

Lurlene amati zinayamba ali mwana. Odell anali chitsiriza pa anyamata ambiri, ndipo mkombero wawo unali wokhomedwa pa galaja, kuseri kwa nyumba. Akangotaya mpira m'manja, azikulu ake sankamubwezeranso mpaka mayi awo atawaitana kuti chakudya chapsa. Ndiye anaphunzira kusautaya. Purvis atamva nkhani imeneyi anati ndi yomvetsa chisoni ndithu, koma nayenso anali chitsiriza kwawo ndipo sanasanduke chilombo.

Mlandu wa Odell unkazengedwa kwa ometa, kwa bambo Whitlock, pafupifupi Lolemba lililonse. Tikapambana, ankati Odell watibereka kumsana, timu yonse ndi ana ake. Tikagonja, anthu omwewo, pampando womwewo, tsitsi lisanamere n'komwe, ankati ndi waumbombo, wodzikonda, sanaleredwe. Odell ankasewera chimodzimodzi masiku onse awiriwo. Chimene chinkasintha chinali mpira, kulowa kapena kutuluka.

Chaka china tinafika ndime yachiwiri kwa yomaliza, zomwe tchalitchi chathu chinali chisanafikeko chiyambire. Tinakumana ndi mpingo wina wa tsidya la mtsinje. Holo inadzaza, kwaya yonse inabwera, ngakhale abusa anavula tayi. Nthawi itatsala pang'onong'ono tinali kumbuyo ndi pointi imodzi, mpira uli m'manja mwa Odell. A timu inayo sanali opusa, anamuunjikira atatu. Purvis anatsala yekhayekha pansi pa mkombero, akudumphadumpha, akukuwa kuti, "Odell! Kuno! Kuno iwe!" mpaka azimayi ogulitsa makeke pakhomo anamva.

Odell anaponya. Mpira unazungulira mkombero ngati ukuganiza kaye, kenako unasankha kutuluka.

Mawa lake abusa analalikira za umbombo. Sanatchule dzina la munthu, koma khosi lawo linkangopindikira kumanzere, mzere wachinayi, kumene kunakhala Odell, ndipo ma ameni onse ankachokera kumene kunakhala Purvis. Titaweruka, azimayi ena anamugwira dzanja Verna, mkazi wa Odell, momwe amagwirira munthu woferedwa.

Tsiku limenelo chakudya chamasana chinali kwa Odell. Ine ndi Lurlene tinali komweko, pamodzi ndi mwana wawo Renita. Patebulo panali nkhuku yokazinga, makaroni a tchizi, masamba ophika ndi nyama ya nkhumba, buledi wachimanga. Tinapemphera, n'kuyamba kudya.

"Mayi a Renita, tandipatsireni makaroniwo," anatero Odell.

Verna anakokera mbaleyo pafupi ndi iye mwini, n'kudziikira ena.

"Ndakuonani bwinobwino, bambo a Renita," anatero mofatsa. "Koma ndayang'ana amene angadye makaroniwa kuposa ena onse, ndapeza kuti ndine."

Ndinagwetsa maso, chifukwa mawu amenewo ndinawauza Lurlene yekha. Lurlene anali kalikiliki kudula nkhuku.

"Renita, patse bulediyo," anatero Odell.

Renita anayang'ana mayi ake, n'kukumbatira mbale ya buledi ndi manja onse.

Odell anaika foloko pansi. Anaimirira, n'kuzungulira tebulo yonse akudzitengera yekha chilichonse, n'kudzakhalanso pansi. Anadya zonse, anayamika kuti nkhuku yakoma, kenako anatuluka kupita kugalaja. Tinkangomva mpira ukumenya khoma, du! du! du! mpaka tinatsanzikana.

Chilimwe chonse sanainenepo nkhaniyi. Chisanu chitabwerera, tsiku loyamba la zokonzekera, anaima pakati pa bwalo n'kukweza dzanja ngati mwana wasukulu.

"A Dikoni, ndili ndi mawu. Ndamva zonse zimene zanenedwa. Chaka chino ndizipatsira."

"Aleluya!" anakuwa Purvis. "Tamandani, abale! Dzenje lakwiriridwa!"

A Dikoni Tillman anamukumbatira, maso ali ndi misozi.

Masewero oyamba, mphindi yoyamba, Odell analandira mpira, anthu awiri n'kumuthamangira monga mwa nthawi zonse. Purvis anali pamalo pake, manja m'mwamba, akukuwa monga anazolowera, koma maso ali kwa mkazi wake kumipando. Mpira unabwera mowongoka, waliwiro, wokongola, n'kumupeza pamphuno, pha! Masewero anaima kuti afunefune magalasi ake.

Apa m'pamene tinazindikira chinthu chimene palibe anachiganizirapo. Kwa zaka zonse zija panalibe mmodzi wa ife amene ankaphunzira kuponya. Tikanaphunzirira chiyani? Tinkadziwa kuthamanga, kukweza manja ndi kudandaula. Pa zitatu zimenezi tinali akatswiri.

Purvis anaphonya ali yekha pansi pa mkombero. Anaphonyanso. Wina unadutsa osakhudza kalikonse, n'kukagwera pamiyendo pa woyimba limba wa tchalitchi chathu. Mnzathu wina, woyendetsa basi, akalandira mpira ankaubweza kwa Odell msangamsanga ngati mbatata yamoto, Odell n'kumubwezeranso, iye n'kubwezanso, mpaka woyimbira kuliza wezulo kuti nthawi yawathera. Tinagonja masewero oyamba, achiwiri, ndi ena otsatira. Ine mipira yotola inachuluka mpaka mapewa kuwawa, koma panalibenso wonditama, anthu anali otanganidwa ndi kuseka.

Amene zinamuwawa kwambiri anali Purvis. Kale ankatuluka m'holo muja mutu uli m'mwamba, munthu amene akanagoletsa akanangopatsidwa mpira. Mzinda wonse unkamumvera chisoni. Tsopano mpira ankapatsidwa, ndipo mzinda wonse unkaona. Mkazi wake anayamba kukhala ndi zochita zambiri Loweruka masana.

Odell yekha nkhope yake inkawala ngati ya munthu wongobatizidwa kumene. Purvis akaphonya, iye ankawomba m'manja.

"Osadandaula, achimwene, mwayesetsa! Wotsatirawo ulowa!"

Ndipo wotsatirawo ankapitanso kwa Purvis yemweyo.

Loweruka lina Odell analanda mpira pakati pa bwalo n'kuthamanga yekha, kutsogolo kulibe munthu. Atafika pansi pa mkombero anaima. Anadikira. Holo yonse inati zii. Purvis anafika ali wefuwefu, ndipo Odell anamupatsa mpirawo ndi manja awiri, atawerama pang'ono, ngati akupereka mphatso kwa apongozi. Purvis anaponya. Mpira unamenya kunsi kwa mkombero n'kumubwerera pamutu.

Kuchipinda chosinthira zovala kunabuka moto.

"Iwe ukundipatsira dala!" anakuwa Purvis, nsapato imodzi ili m'manja.

"Si zimene unkafuna?" anafunsa Odell.

"Ndinkafuna uzindipatsira ndikakhala pabwino!"

"Koma umakhala pabwino nthawi zonse, Purvis. A timu inayo sakulonda n'komwe."

Wina anaseka kuseri kwa thaulo, n'kusandutsa chisekocho chifuwa.

"Mwamumva?" Purvis anatembenukira kwa ife. "Kudzikonda kwenikweni ndi kumeneku! Kale ankafuna mapointi onse akhale ake. Lero akufuna ulemu wonse ukhale wake, manyazi onse akhale athu!"

Kunena zoona, mawu amenewa sindinawataye. Ndinakamufunsa Verna ngati mwamuna wake akuchita zobwezera. Verna analumbira kuti ayi, munthuyo chilimwe chonse ankaphunzira kupatsira pomenyetsa mpira kukhoma la galaja, ndipo analapadi kuchokera pansi pa mtima. Ndinamukhulupirira. Koma ndinaonanso mmene Odell ankamwetulira Purvis akaphonya, ndipo munthu wolapa samwetulira mpaka mano a m'mbali kuoneka. Mwina zonse ziwiri zinali zoona. Odell sadziwa kuchita chinthu mwatheka. Atagwira mpira anaugwira wonse, atagwira kudzichepetsa anakugwiranso konse, osasiyirako wina.

Ligi itatsala pang'ono kutha, ife tili pansi penipeni, a Dikoni Tillman anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mlamu wanga. Purvis anakwera nawo, n'kukhala kumbuyo. Linali Lamlungu masana. Tinamupeza Odell akuchotsa chipale chofewa panjira yolowera kunyumba kwake ndi fosholo.

A Dikoni anayambira kutali. Anati munthu aliyense ali ndi mphatso yake. Anati kubisa mphatso nakonso ndi tchimo. Anati abusa polalikira tsiku lija ankanena za umbombo wa chuma, anthu ndi amene anamva molakwika. Odell ankamvetsera atatsamira fosholo.

"A Dikoni, ndikhululukeni, mutu wanga ndi wochedwa. Mukundiuza kuti ndizimana anzanga mpira?"

"Ayi, mwana wanga, osati kumana. Kungoti, mwina, uziyamba waganizira kaye ngati mnzakoyo ali wokonzeka kulandira."

"Ndamva, bambo. Koma dzina lija la Dzenje analipeka si inu. Ndikufuna ndimve kwa mwini wake."

Purvis anakanda chipale ndi nsapato.

"Uziponya," anatero chapansipansi.

"Chisanuchi chanditseka makutu."

"Ndati uziponya, iwe!"

"Ngakhale uli wekha pansi pa mkombero?"

"Makamaka ndikakhala ndekha."

Odell anagwedeza mutu, n'kutiitanira m'nyumba kuti tikamwe khofi. Verna anatilandira ndi keke ya mbatata, ndipo palibe anatchulanso za mpira.

Loweruka lotsatira Odell anaponya ngati munthu amene wamasulidwa kundende. Anaponya ali pafupi, ali patali, atagwa, atatembenukira kwina. Anagoletsa kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake. Tinagonjabe, ndi mapointi ochepa, chifukwa womaliza unatuluka. Koma timu yathu sinakhalepo yosangalala chotero. Purvis anathamanga masewero onse manja ali m'mwamba, akukuwa "Kuno! Kuno!" ndi mawu amphamvu a munthu amene akudziwa kuti palibe choopsa chingamugwere. Poimika magalimoto ndinamumva akuuza anthu a mpingo wina:

"Mwamuona koma? Ndinali ndekhandekha! Munthu uja sadzasintha."

Sabata yotsatira mkazi wake anabwereranso kumipando.

Tinasewera choncho zaka zina zingapo, chikho osachiona. Kenako maondo a Odell anayamba kubweza ngongole ya misewu yonse ya Toledo imene anayenda. Kudumpha kunachepa, mipira yotuluka inachuluka. A Dikoni Tillman anakalamba n'kusiya kuphunzitsa, ndipo mpingo unasankha Purvis kuti alowe m'malo mwawo, poti ndi amene ankadziwa kufotokoza bwino za kusewera mogwirizana.

Chinthu choyamba chimene Purvis anachita chinali kupita kumalo ena omata matayala, kumene kunkagwira ntchito Dontrell Mabry, bambo wachinyamata amene anasewerako ku koleji asanabwerere kwawo. Malamulo a ligi ankati wosewera azikhala wa mpingowo. Dontrell anabatizidwa mofulumira kwambiri moti tsiku la masewero oyamba anafunsa ine dzina la abusa.

Poyerekeza ndi Dontrell, Odell anali mayi wachifundo. Dontrell sankayang'ana n'komwe kuti aone ngati ali ndi anzake. Purvis, ali m'mbali mwa bwalo ndi jekete, ankangokuwa chinthu chimodzi: "Mpatseni Dontrell! Chokani panjira!" Odell ankakhala pabenchi pafupi ndi ine, maondo atakulungidwa nsalu, akulowa mwa apo ndi apo.

Chaka chimenecho tinafika ndime yomaliza. Kutatsala pang'ono kuti masewero athe, tikufanana mapointi, mnzathu wina anabinya bondo, Purvis n'kulowetsa Odell. A timu inayo sanamulabadire mkulu wa imvi wotsimphina, onse anakhamukira kwa Dontrell. Odell anapezeka pakona yekha, pamalo pomwe anagoletserapo kosawerengeka. Ndinamuona akukweza manja pang'onopang'ono, ngati akuwayesa ngati akugwira ntchito.

"Kuno!" anakuwa. Liwulo linatuluka mokhota, poti pakamwa pake linali lachilendo.

Dontrell anadumpha pakati pa anthu atatu n'kuponya. Unalowa osakhudza mkombero.

Holo yonse inagwedezeka ndi phokoso. Kwaya inayamba nyimbo, abusa anathamangira m'bwalo, azibambo ananyamula Dontrell m'mwamba. Chikho chinabwera kutchalitchi kwathu koyamba. Lolemba kwa bambo Whitlock anthu anati mwana ameneyo ndi wolimba mtima, saopa udindo, amuna enieni amatero.

Pobwerera tsiku la chikholo ndinamutenga Odell pagalimoto yanga. Nditaima pakhomo pake sanatsike msanga.

"Alamu, mwana uja amaponya bwino," anatero. "Koma ndi wodzikonda."

Sanasewerenso. Jezi yake anaichapa n'kukaipereka kwa Purvis.

Chaka chotsatira timu inafikanso ndime yomaliza, ine ndi Odell tikuonera kumipando. Zinachitika ngati zomwe zija: anthu atatu pa Dontrell, mnzake ali yekha akukuwa, Dontrell n'kuponya. Ulendo uno unatuluka. Lolemba kwa bambo Whitlock mlandu unazengedwa mwachangu. Waumbombo, wodzikonda, ubatizo wake unali wa madzi ochepa. Purvis anauza anthu kuti wakhala akumulangiza mwanayo chaka chonse za kupatsira, koma ana a masiku ano samva.

Odell anali pampando, theka la mutu litametedwa. Anatembenuka mpaka bambo Whitlock anachotsa makina.

"Mpira umenewo unali woyenera kuponya," anatero. "Amene ankakuwa uja mwamuonapo akugoletsa? Musiyeni mwana."

Mawa lake anandipempha kuti ndimuperekeze kumalo omata matayala kuja, ati tayala lakumbuyo likuphwa. Dontrell anabwera ndi zitsulo zake n'kugwada pansi. Odell anaima pambali pake, manja m'thumba, akukonza kukhosi.

"Mwana wanga, ndikudziwa mmene zikukuwawira," anayamba motero. "Ine ndinadutsamo. Zimene anthu akunenazi usaziike kumtima. Usasinthe chifukwa cha iwo. Uziponya basi."

Dontrell anadzutsa mutu, nkhope ili yodabwa ndithu.

"Kodi anthu akunena chiyani, bambo?"

Odell anangoloza tayala lija.

Dontrell anayeza mpweya, anazunguza tayala, analithira madzi a sopo n'kuliyang'anitsitsa mbali zonse. Kenako anaimirira akupukuta m'manja.

"Tayala lanu lilibe vuto, bambo Crumpton. Muyende bwino."